Mwendo Waufupi, Odi Wautali

Mukandifunsa chaka chimene ndinachoka kwathu ndikunamizani, osati mwadala, koma chifukwa zaka za kumene ndinapitako zinalibe mvula yoti munthu n'kuwerengera. Chimene ndikudziwa n'choti ndinachoka ndili wosoka nsapato, wa pakhonde la sitolo ina, pamsika wina pamene basi inkaima kawiri pa tsiku. Sukulu ndinali nditaisiyira Fomu 2, pamene ine ndi masamu tinagwirizana zosiyana mwamtendere.

Mwana wanga Sigele anabadwa ndi mwendo wamanzere waufupi, phazi lake lopindikira m'kati. Akamayenda ankaoneka ngati akuvomera zinthu zimene palibe wamufunsa. Adokotala a pachipatala cha mishoni anatiuza, ine ndi mkazi wanga Fanesi, kuti mwanayo akakula chomwecho wopanda nsapato yomukweza, chiuno chidzapendekeka, msana n'kutsatira, ndipo zikauma zauma. Anati tili ndi zaka zochepa. Sananene kuti zingati.

Wansembe wa parishi yathu anali Mtaliyana, Bambo Gaudensiyo, munthu amene anakhala kwathu zaka makumi atatu koma aliyense ankamuti "iwe", ngakhale amayi awo a abishopu. Tsiku lina anabweretsa sandasi zawo zoduka lamba, ndipo ali chiimire anaona Sigele akudutsa. Anati kwawo kuli mmisiri wina, dzina lake Tullio, wosoka nsapato za mapazi otere, nsapato zoti wotsimphina akavala amapita kukavina.

"Iwe pita. Miyezi sikisi. Phunzira, bwera, soka."

Chichewa chawo chinali chotero, ngati akuwaza nkhuni.

Fanesi anang'amba pepala m'kope, anamuimika Sigele pamenepo, n'kuzunguliza phazi ndi pensulo. Phazilo linangodya theka la pepala. Ndinalipinda n'kuliika m'thumba la malaya. Ndisabise, ndegenso ndinkaifuna. Munthu wokhala pakhonde amaona zambiri zikudutsa, iye osadutsa.

Ndinafikira m'tauni ya chifunga. Dzuwa la kumeneko linali ngati malume a ku Joni, ongomveka mbiri. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Kwa Tullio kunali kutali, kuseri kwa mapiri, ndipo a ku ofesi anati mlendo sangalowe m'shopu ya mmisiri n'kugwira mpeni asanaonetse satifiketi yoti Chitaliyana amachimva. Kaya ankaopa kuti ndidzicheka n'kusowa mawu olirira. Choncho ndinayamba sukulu.

M'kalasimo tinalimo anthu a mitundu yonse, ena a imvi, ena oti kwawo anali madokotala. Tinkakhala pa timipando n'kumaphunzira kunena kuti mphaka ali pansi pa tebulo. Ine bambo wa mwana ndinkaimirira n'kulengeza za mphakayo, ndipo aphunzitsi athu, Mayi Ornella, ankandiombera m'manja. Mphakayo sindinamuonepo. Tsiku lina anandifunsa ngati ndimakonda mare, ndiye kuti nyanja. Ndinayankha kuti male ndimakonda kwambiri, ndiye kuti zoipa. Kalasi yonse inaseka. Kukhutu kwanga mawu awiriwo anali amodzi, ndipo nditamva nkhani za anzanga amene anaoloka pa bwato, ndinaona kuti mwina lilime langa silinalakwe kwenikweni.

Liwu limodzi lokha ndinalikonda nditangolimva. Mayi Ornella anati munthu ukafika pakhomo la eni umati permesso, ndipo eni amayankha kuti avanti. Ndinati amayi, ameneyo ndi odi. Ndinasangalala ngati ndakumana ndi munthu wakumudzi pa depoti. Ndinadziuza kuti anthu odziwa odi sangakhale oipa. Patapita masiku ndinapita ku ofesi kukatenga kakhadi kondilola kukhala m'dzikomo, ndipo dzina la kakhadiko linalinso permesso. Ndiye kuti dziko lonse linali nyumba ya eni, ife alendo tili pamzere panja, aliyense ndi odi wake m'manja, odi wolembedwa tsiku lothera.

Mayeso olemba ndinakhoza. Otsatira anali a pakamwa. Anatikhazika pabenchi m'khonde lalitali, nati aliyense akamva dzina lake apite ku chitseko cha kumapeto. Ndinamva langa, ndinapita, ndinaima pakhomo. Chitseko chinali chotsekuka pang'ono. Ndinati permesso, bwinobwino, monga anandiphunzitsira. M'katimo anthu awiri ankakambirana za mpira. Sanayankhe. Ndinadikira. Ndinabwereza motsitsa mawu, poti akulu akamalankhula suwadula pakamwa. Sanayankhe. Kwathu munthu wolowa m'nyumba odi asanayankhidwe ndi wakuba kapena mfiti, ndipo ine ndinaleredwa. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, manja kumbuyo. Anaitananso dzina langa ali m'kati momwemo, ine n'kuodiranso kachitatu. Kenaka anaitana dzina lina. Mtsikana wina anandidutsa, nanena permesso wake chitseko chili kale kumbuyo kwake.

Zotsatira zitatuluka, pa dzina langa analembapo kuti sindinabwere. Ndinawafotokozera Mayi Ornella. Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Sikuti ukufunsa ayi. Umangonena uku ukulowa."

Ndinafunsa kuti nanga odi wakeyo ndi wa chiyani. Anati ndi ulemu. Ndinati kwathu ulemu wotero uli ndi mbuzi, imalira ili kale m'khitchini. Anaseka, koma mayeso ena anali a chaka chamawa.

Chaka chamawa chisanafike, Bambo Gaudensiyo anamwalira kwathu, naikidwa kuseri kwa tchalitchi chathu. Iwo m'dothi langa, ine m'chifunga chawo. Ansembe a m'tauniyo sankadziwa za pangano lathu. Kachipinda kanafunidwa ndi wina. Kakhadi kanafika tsiku lake.

Ndinatsika ndi sitima kumwera, kumene dziko ndi lathyathyathya ndipo matimati amalimidwa mpaka polekezera maso. Kumeneko ndinaphunzira ntchito yothyola. Sathyola limodzilimodzi ngati mmene amachitira amayi kudimba. Umazula tsinde lonse n'kuligwedezera m'bokosi, zogwa zigwe. Chitaliyana cha m'mundamo chinali cha malamulo okhaokha: bwera, nyamula, fulumira, chete. Buku langa la Chitaliyana linali ndi masamba ambiri a mmene munthu anenera zakale ndi zam'tsogolo. Kapitawo wathu ankangogwiritsa tsamba limodzi. Zam'tsogolo m'mundamo sizinkafunika.

Mnzanga wa mzere umodzi anali Tesfalem, bambo wa ku Eritrea, amene anali atakhala m'dzikomo nthawi yaitali moti ankatukwana osayamba waganiza. Nditamuuza nkhani ya pachitseko anaseka mpaka kukhala pansi pa matimati a eni.

"M'bale wanga, kuno chitseko sachifunsa. Amachikankha, kupepesa pambuyo."

Ndinamuuza kuti amayi anga akanamva zimenezo akanamuthira madzi otsukira mbale. Anati amayi anga sali pamzere wa ku ofesi.

Kumeneko n'kumene pepala lachiwiri linandipeza, kudzera kwa asisitere ena. Phazi linali litadzaza tsamba lonse la kope, chala chachikulu n'kutulukira kunja. Kalata ya Fanesi inali yaitali. Anandiuza za denga, za mbuzi, za amene wamwalira ndi amene wathawa ndi mkazi wa mwini. Anati Sigele wayamba sukulu, ndipo anzake akumutcha Sikelo poti amapendekera mbali imodzi. Kumapeto analemba kuti: "Bambo a Sigele, kodi miyezi sikisi ya kumeneko ndi yaitali bwanji?"

Ndinamuyankha kalata yoseketsa kwambiri. Ndinamuuza za mphaka wa pansi pa tebulo, za azungu odya udzu wosaphika, za kapitawo wa mimba ngati ng'oma. Ine ndikaopa ndimaseketsa. Za kakhadi kakutha sindinanene.

Matimati atatha ndinakwera phiri. Pamwamba pake panali tauni ya nkhalamba zokhazokha, kumene belu linkalira maliro sabata iliyonse, ukwati osamveka. Ana awo onse anali atapita kumpoto. Kunamveka kuti mlendo wosamalira nkhalamba apatsidwanso kakhadi, choncho ndinapeza yanga. Anali Bambo Rocco, woyendetsa sitima wakale, munthu wa miyendo yakufa ndi pakamwa pamoyo. Mwana wawo wamkazi anandisiyira makiyi ndi mndandanda wa mankhwala, nabwerera kumpoto tsiku lomwelo. Kwa Bambo Rocco ndinaphunzira kumeta munthu wosafuna kumetedwa, kumutembenuza osamuthyola, ndi kumusambitsa uku akukutukwanira makolo.

Buku linkati m'Chitaliyana "iwe" ndi tu, ndipo ulemu ndi Lei. Koma Lei ameneyu tanthauzo lake ndi "iye", wamkazinso. Ndiye kuti ukafuna kulemekeza bambo wa ndevu amene wakhala pamaso pako, uzilankhula naye ngati ndi mayi amene watuluka panja. Pakamwa panga pankakana. Ndinafufuza m'buku n'kupeza voi, ndiye kuti "inu", ndipo m'mawa wina ndikuwameta ndinawafunsa Bambo Rocco, mwa voi, kuti adzuka bwanji. Anandigwira dzanja, lumo lili m'mwamba. Ndinaphunzira pambuyo kuti paphiripo ulemu wakale unali womwewo, ndipo chimwalirire anzawo palibe anali atawachulukitsapo.

"Wakuda iwe, ulemu wakuphunzitsa ndani?"

"Amayi anga, bambo."

"Uwaitane adzaphunzitse mwana wanga."

Kutukwana sanasiye, koma ankandisungira nkhuyu yakupsa kwambiri m'mbale. Ndinakhala nawo nyengo zingapo zozizira. Masana ndinkawawerengera nyuzipepala, iwo n'kumandikonza matchulidwe ndi ndodo. Ndinaganiza kuti Chitaliyana changa ndachipeza, choti ndingathe kuchilankhula osachita manyazi ndi amene anandibala.

Ndinatsika phiri kukalembanso mayeso. Tauni inali ina, koma khonde linali lomwelo, benchi lomwelo, chitseko chomwecho kumapeto. Ndinati permesso, ndinawerenga mumtima mpaka katatu, n'kulowa ngati munthu wokaba nkhuku. M'katimo munali mayi mmodzi, wa nkhope ya Mayi Ornella koma magalasi ena. Ndinadikira kuti andilozere mpando. Ndinakhala, maso pansi, mawu otsika, ndipo ndinawapatsa voi wanga yense wa paphiri. Mayiwo anacheuka kuyang'ana kumbuyo kwawo.

"Tilimo angati muno?"

"Muli nokha, amayi."

"Nanga mukundichulukitsiranji?"

Kenaka anafunsa chimene ndinkayang'ana pa maondo anga. Anaimirira, anazungulira tebulo, n'kudzaona ngati ndalembapo mayankho. Anapeza maondo okhaokha. Pa pepala la zotsatira analemba kuti mawu ndimawadziwa ambiri, koma ndimaoneka wosadzidalira, ndipo ndimalankhula ngati munthu amene anamwalira kalekale. Ndinaperewera pang'ono. Kuperewera pang'ono ndi kuperewera kwambiri amakwera basi imodzi pobwerera.

Nditawauza Bambo Rocco, anatukwana mayiwo, boma, ndi papa amene. Anamwalira nyengo yothyola azitona. Ndinawasambitsa komaliza, ndipo kanali koyamba kuti asanditukwane. Pamaliro tinalipo anthu naini, palibe anagona pasiwa, palibe anaimba mpaka kusasa mawu. Zonse zinatha ndisanatope n'komwe. Mwana wawo anandithokoza mwa tu, natambasula dzanja kulandira makiyi.

Ndinapita ku mzinda waukulu, wa sitima zoyenda pansi pa nthaka, n'kulowa ntchito yotsuka mbale m'khitchini ya malo odyera. Kumeneko anthu onse ankalankhula nthawi imodzi. Wodikira kuti mnzake amalize ankaweruka asananene kanthu. Ndinaona kuti sukulu yeniyeni ndi imeneyi, ndipo ndinaiphunzira monga ena aphunzirira katekisimu. M'mawa ndinkadziyang'ana m'maso pagalasi mpaka galasi lichite manyazi. Ndinadziikira lamulo lodula munthu pakamwa kamodzi pa tsiku, kenaka katatu. Ndinaphunzira kutsekula chitseko ndi phewa. Ndinaphunzira kutcha mkulu wa ophika mayi wotuluka panja, osaseka. Tsiku limene ndinakangana ndi wogulitsa nsomba, manja ali m'mwamba, iye n'kundimenya paphewa mwachikondi, ndinadziwa kuti zikuyenda.

Pepala lachitatu linafika nthawi imeneyo, litazungulira matchalitchi atatu. Linali kuseri kwa kalendala, poti tsamba la kope silinakwanenso. Kalata munalibe. Pansi pa phazi panalembedwa ndi dzanja la mwana wasukulu kuti: "Phazi langa. Sigele, Sitandade 6." Mzere wa pensulo unali wowongoka ku zala, koma kuchidendene unali wonjenjemera, pamalo amene munthu sadzifikira bwino akamadzijambula yekha.

Mafoni anali atafika kwathu. Masana ena, mbale zili mulu, ndinatuluka kuseri kwa khitchini n'kuimba pa nambala imene inali pa envulopu. Anayankha apongozi anga, amayi ake a Fanesi, amene pamudzi pawo ndinamangapo nyumba, amene kale ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira m'thengo.

"Tamverani, mupatseni Fanesi, ndili pantchito."

Ndinamva tambala akulira kutali, tambala wa kwathu.

"Tadzuka bwino, kaya inu," anatero apongozi.

Ankayankha funso limene sindinafunse. Ndinayesa kubwerera kuti ndiyambe moni, koma moni sabwerera m'mbuyo. Anati Fanesi wapita kudimba. Nditaimbanso sabata yotsatira anali kudimba. Mwezi wotsatira anali kudimba. Dimba limenelo liyenera kuti linali lalikulu.

Ndinadziuza kuti zonse zikonzeka ndi nsapato. Munthu wofika ndi nsapato ya mwana m'manja safunsidwa za moni wa pafoni.

Mayeso achitatu anali m'khonde lomwelo. Nditamva dzina langa ndinanyamuka, ndinakankha chitseko, permesso n'kumunena ndili kale pakati pa chipinda. Ndinakhala osauzidwa. Mayiwo anali a nkhope yomweyo, tsitsi lokha litayamba imvi, ndipo ndinawayang'ana m'maso ngati ndikuwadziwa mlandu. Anandifunsa za chakudya chimene ndimakonda. Ndinawauza kuti munthu wothira tchizi pa nsomba ayenera kumangidwa. Anayamba kutsutsa, ndinawadula. Anayambanso, ndinawadulanso. Potuluka anandigwira chanza, nati ndasanduka Mtaliyana weniweni. Satifiketi inali ya pepala lolimba, ya chidindo chagolide. Panja ndinafuna munthu womuuza, ndipo ndinadzipeza ndikudziuza ndekha, m'Chitaliyana.

Kwa Tullio ndinafikako pa basi yaing'ono yokwera mapiri mokhotakhota. Unali mudzi wa m'chigwa, wa mtsinje wozizira ndi nyumba zamiyala. Shopu inali pansi pa nyumba, ndipo m'zipupa zake munapachikidwa mapazi a mtengo mazanamazana, opindika, aafupi, opanda zala, lililonse ndi dzina la mwini wake. Fungo la chikopa ndi guluu linandilowa m'mphuno. Ndinali nditaiwala kuti ndine wosoka nsapato.

Anandilandira ndi mlongo wawo wa Tullio, Mayi Gemma. Ndinalankhula mawu amene ndinawakonza zaka zonsezo, aatali, opanda cholakwa chilichonse, otchula Bambo Gaudensiyo ndi mzimu wawo. Nkhalamba inali pabenchi, nsapato ili pakati pa maondo, osatukula mutu. Mayi Gemma anati ndisadandaule, achimwene awo akumva, kungoti salankhula. Sitiroko inawatseka pakamwa, manja okha n'kuwasiyira. Ndinafunsa kuti liti. Anawerenga pa zala, nati chinali chaka chimodzi isanafike kalata ya Bambo Gaudensiyo yonena za ine. Anati anandidikira chaka chimenecho, kenaka anaganiza kuti ndasintha maganizo.

Ndinatulutsa satifiketi n'kuipereka ndi manja awiri. Tullio anailandira, anaipima kulimba kwake ndi zala, anaitembenuza, n'kujambulapo kuseri kwake mmene chidendene chokwezedwa chimakhalira. Limenelo linali phunziro langa loyamba.

Ankaphunzitsa ndi manja. Ankagwira chala changa chachikulu n'kuchikanikiza pa phazi la mtengo, pamene fupa limatuluka, kuti ndidziwe pofunika kusiya mpata. Ndikalakwa ankandimenya kuseri kwa dzanja ndi kachikopa. Ndikakhoza sankachita kanthu. Ndinaphunzira kusema mtengo kuti ufanane ndi phazi la munthu, kusanja khungwa lopepuka pansi pa chidendene, kubisa kukwera kwake m'kati kuti wodutsa asadziwe. Tinkakhala tsiku lonse osamva liwu la munthu, nyundo zokha. Chitaliyana changa chinkangogwira ntchito pogula buledi. Pamene chipale chofewa chinasungunuka m'mapiri, ndinasoka ndekha nsapato ya mayi wina wa mudzi wapafupi, ndipo anaivala n'kutuluka osagwira khoma. Ndinawerenga miyezi. Inali sikisi. Bambo Gaudensiyo sananame.

Tsiku limenelo ndinayala mapepala atatu aja pabenchi. Tullio anawayang'ana, laling'ono, lapakati, lalikulu. Anakweza dzanja m'mwamba kufika pachifuwa, kenaka paphewa, kundifunsa msinkhu wa mwini phazi. Sindinadziwe poliimitsa. Anagogoda pepala lomaliza ndi chala, napukusa mutu. Pankafunika latsopano, ndi muyeso wa mpata wa pansi pa mwendo.

Ndinaimba foni ndili panja, pafupi ndi mtsinje. Ulendo uno ndinayamba ndi moni, ndipo ndinaupereka wonse. Ndinafunsa za m'nyumba, za ana, za kumunda, ndikanafunsa ndi za nkhuku zomwe. Mawu amene ankandiyankha anali a mayi wamkulu, odekha, ndipo ndinaganiza kuti ndi mng'ono wake wa Fanesi. Nditafunsa kuti ndikulankhula ndi ndani, anati ndi Sigele.

Ndinamufotokozera zonse. Apeze pepala lalikulu, aimepo wina amujambule, asadzijambule yekha. Kenaka aunjike makope pansi pa phazi lamanzere mpaka chiuno chilingane, n'kuyeza kutalika kwa muluwo. Ndinati ntchito ndaidziwa tsopano, nsapato yake ikhala yoti palibe adzadziwe kuti ndi yokwezedwa. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anali woleredwa.

"Musavutike, bambo. Ababa anandikhomera kale."

"Ababa ake ati?"

Anati a Chimbalanga, amene amasoka nsapato pakhonde limene ndinkakhala ine. Anati ali Sitandade 7, iwowo anadula tayala zidutswa zitatu, n'kuzikhomera pansi pa nsapato yake ya kusukulu, ndipo akamakula ankaonjezera. Anati msana unapendekeka ndithu, poti anachedwa, koma supweteka kwenikweni, kupatula mwezi wa Juni ndiponso akabereka mwana kumbuyo nthawi yaitali. Sindinafunse kuti mwana wa yani.

"Tayala," ndinatero.

"Tayala, bambo. La minibasi. Si yokongola, koma ndimafika nayo kulikonse."

Ndinafufuza nthabwala, poti nthawi zotere ndimakhala nayo. Sindinaipeze m'Chichewa, sindinaipeze m'Chitaliyana. Iye anadikira, monga adikirira mwana wa eni mlendo akamamanga zingwe za nsapato. Kenaka anati amayi ake akuti ndikhale bwino kumeneko, ndipo foni ndi ya eni akuifuna.

Ndinabwerera m'shopu. Tullio anali pabenchi. Ndinakhala moyang'anana nawo n'kuwauza zonse, kuyambira pakhonde la sitolo mpaka pa tayala. M'Chitaliyana muli kanenedwe kena kovuta, ka patsamba lomaliza la buku, konenera zinthu zimene zikanachitika zikanakhala kuti zina zinachitika. Ndinakaphunzira chifukwa cha mayeso, osakagwiritsapo. Tsiku limenelo ndinakagwiritsa konse, ndipo sindinalakwitse ngakhale pamodzi. Ndikanalowa pachitseko chija. Ndikanakwera basi yaing'ono chaka choyamba. Ndikanakhala pakhonde panga n'kuyang'ana bwino zimene zimadutsa pamsewu.

Nkhalambayo inamvetsera ndi theka la nkhope limene linkagwira ntchito. Nditamaliza inatambasula dzanja n'kutenga nsapato imene ndinkasoka m'mawa umenewo, ya mwana wa munthu wina wa kutsidya kwa mtsinje, amene ankayembekezeka kudzaiyesa Loweruka. Inaitembenuza, n'kuloza kuchidendene. Msomali umodzi unali utalowa mokhota. Inandipatsa chozulira.

Ndinauzula, n'kukhoma wina.